Galimoto yamagetsi: batire likavuta tidzalirira kwa yani?

Mafuta akangosowa, mizere n'kutalika pamalo omwetsera mafuta ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, nkhani ya galimoto zamagetsi imabuka pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Wina amaponya chithunzi cha Nissan Leaf yakaunjika yomwe akutsatsa ku Japan, mtengo wake wooneka wofewa, ndemanga n'kumangoti: basi, tapulumuka. Inenso ndimalakalaka tsiku lomwe tidzasiye kugona pamzere chifukwa cha malita khumi. Koma pali funso lomwe sindimaliona m'ndemangazo: batire likayamba kuvuta, n'kukonzetsa, n'kuvutanso, udzathamangira kwa yani?

Taonani zomwe zidaonekera anthu a ku America omwe adagula Chevrolet Bolt. Mu Novembala 2020, kampani ya General Motors idaitanitsa galimoto zoposa 68,000 zamtunduwu kaamba koti zina zimayaka moto. Idauza eni ake kuti asamatchaje kupyola 90 peresenti, kenako idasintha pulogalamu ya kompyuta ya m'galimotomo n'kunena kuti vuto latha. Silidathe. Galimoto zina zomwe zidakonzedwa kale zidayakabe. Mu Julaye 2021 adaziitanitsanso, ndipo pofika Ogasiti chiwerengero chidaposa 140,000, kutanthauza Bolt iliyonse yomwe idapangidwa kufikira nthawi imeneyo. Eni ake adalangizidwa kuimika galimoto panja akangomaliza kutchaja, osaisiya ikutchaja usiku m'galaja yapakhomo. Gwero lake lidali zolakwika ziwiri zazing'ono m'kati mwa maselo ena a batire, zochokera kufakitale ya LG. Mapeto ake LG idavomera kulipira ndalama zofika madola 1.9 biliyoni.

Anthu amenewa adazunzika, inde, koma adali ndi pothawira. Kudali bungwe la boma loona za chitetezo pamsewu la NHTSA, kudali magalaja ovomerezeka ndi kampani, kudalinso waranti ya batire ya zaka 8 kapena makilomita 160,000. Ambiri adalandira mabatire atsopano osatulutsa ndi tambala yomwe.

Tsono ifeyo? Galimoto zambiri zomwe timayendera kuno n'zakaunjika, zodzera ku Dar es Salaam, Beira kapena Durban. Pofika pa Songwe kapena pa Mwanza, waranti imakhala idatha kalekale, ndipo ngakhale ikhalepo siwoloka nyanja. Kampani ikaitanitsa galimoto zake ku Japan, kalata siingamupeze mwini wachitatu yemwe ali ku Area 25. Wogulitsa walandira zake, foni wathimitsa. Watsala wekha ndi chitsulo pakhomo.

China chomwe sitikuchilabadira ndi kutentha. Leaf idatuluka mu Disembala 2010, ndipo batire lake lidalibe madzi oziziritsa monga zilili galimoto zina zamagetsi. Mu 2012 eni galimotozi ku Phoenix, m'chigawo chotentha cha Arizona, adadandaula kuti mabatire awo akutha mphamvu msanga, mpaka Nissan idawonjezera waranti yokhudza kuchepa kwa mphamvu ya batire. Nanga Leaf yomweyo, itakalamba kale, mukaipititsa ku Nsanje kapena ku Chikwawa mu Okutobala, komwe kutentha kumapyola madigiri 40? Foni yanu yomwe mukuwerengerapoyi mukudziwa mmene imachitira mukaisiya padzuwa.

Nanga n'chifukwa chiyani vuto la batire limakonda kubwerera? Batire la galimoto si chinthu chimodzi ayi. La Leaf yoyambirira lili ndi maselo 192 oikidwa m'timabokosi 48, ndipo onse amagwira ntchito mogwirizana. Selo imodzi ikafooka, kompyuta imachepetsa mphamvu ya batire lonse pofuna kuiteteza. Makaniko akachotsa kabokosi kofookako n'kuikapo kena kochokera m'galimoto yangozi, kamakhala kosiyana msinkhu ndi tinzake. Galimoto iyenda bwino miyezi ingapo, kenako kabokosi kena kokalamba n'kugonja, nyale yochenjeza n'kuyakanso. Uli m'galaja kachiwiri, kachitatu, ndalama zikungopita. A Toyota Aqua ndi Prius, zomwe zimaphatikiza mafuta ndi magetsi, nkhaniyi ena akuidziwa kale.

Komanso si makaniko aliyense angagwire ntchitoyi. M'batiremo muli mavoti oposa 350, okwanira kupha munthu. Amakaniko athu ndi akatswiri pa injini, koma apa pamafunika maphunziro ena, magolovesi apadera ndi makina oyezera. Popanda zimenezi kumakhala kungolota. Nthawi zina galimoto imakana kulira chifukwa cha kabatire kakang'ono ka mavoti 12, konga ka galimoto wamba, koma munthu n'kuuzidwa kuti batire lalikulu lafa.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti galimoto zamagetsi n'zachabe. Mabatire ambiri amatumikira zaka zambiri osavuta, ndipo dziko lomwe limalira ndalama zakunja chaka ndi chaka pogula mafuta lingapindule kwambiri, poti magetsi athu ambiri amachokera mumtsinje wa Shire. Ethiopia idafika poletsa kulowetsa galimoto zamafuta za anthu wamba mu 2024. Chomwe ndikukana n'kugula mwachimbulimbuli. Paja amati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Ngati mwatsimikiza zogula, musayambe ndi mtundu wa penti kapena makilomita. Funsani thanzi la batire, lomwe pa Chingerezi amalilemba mwachidule kuti SOH. Leaf imaonetsa timizere 12 pa dashibodi, koma timeneti anthu achinyengo amatha kutibwezeretsa kwakanthawi. Pali apu yotchedwa LeafSpy yomwe, mukailumikiza ndi kachipangizo ka OBD, imaonetsa mphamvu ya selo iliyonse pafoni panu. Wogulitsa akakana kuti muyeze, tembenukani muzipita. Funsaninso mtengo wa batire lina mpaka kufika kuno, ndi dzina la munthu yemwe angaliike. Mukagula, imikani pamthunzi, musamalisiye lodzaza kapena louma kwa masiku ambiri.

Koma katundu yense asagwere wogula. Bungwe la Malawi Bureau of Standards lingathe kulamula kuti galimoto yamagetsi iliyonse yolowa m'dziko muno ibwere ndi chikalata cha thanzi la batire. Competition and Fair Trading Commission ionetsetse kuti ogulitsa akupereka waranti yolembedwa, osati yapakamwa. TEVETA iyambe kusula achinyamata pa ntchitoyi, poti apa pali ganyu yeniyeni kwa anzathu omwe akungokhala. Tigwirizanenso komwe mabatire otha ntchito azipita, chifukwa ambiri angathe kusungabe magetsi a sola m'nyumba m'malo motayidwa kudzala.

Maiko olemera akusintha galimoto zawo, ndipo zakalezo zikusaka kolowera. Tikapanda kuika malamulo lero, tidzalipira madola athu ochepawo kugula mabatire omwe eni ake adatopa nawo. Mzere wa mafuta n'ngowawa, koma umatha. Galimoto yofa batire pakhomo, ngongole kubanki ikuwerengabe, ndiye siitha msanga.