NZERU ZA BOMA ZISAGONE M'MUTU MWA MUNTHU MMODZI

Lero tifuna kulankhula mosapsatira ndi abale athu ogwira ntchito m'boma, makamaka a ku Dowa ndi ku Ntchisi, ndiponso ndi atsogoleri a nthambi ndi madera amene amamva madandaulo a anthu tsiku ndi tsiku. Nkhani yake ndi ya makompyuta akale amene asunga mayina a odwala, a olandira Mtukula Pakhomo, a amsonkho wa pamsika ndi malipiro a antchito, koma palibe buku ngakhale limodzi lofotokoza m'mene mapulogalamu ake amayendera. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 770,000 ku Dowa ndi oposa 310,000 ku Ntchisi. Zinthu za anthu ochuluka chotere siziyenera kudalira chikumbumtima cha kalaliki mmodzi.

Makina awa si achilendo m'mapiri muno. Kuyambira Disembala 2006 kufikira Epulo 2007, mabanja oposa 10,000 a kumpoto kwa Dowa analandira ndalama za chithandizo cha njala kudzera m'makadi ozindikira chidindo cha chala, pa ntchito ya bungwe la Concern Worldwide ndi banki ya Opportunity. M'zipatala za dziko lino, makompyuta olembera odwala amene bungwe la Baobab Health linayamba nawo pa Kamuzu Central Hospital anafalikira m'maboma, ndipo mu 2019 udindo wowasamala unapita ku bungwe la EGPAF. Taonani m'mene zinthu zimasinthira manja. Wolemba pulogalamu amachoka, wolipira amachoka, koma wodwala wa ku Madisi ndi gogo wa kwa Nthondo amatsala pomwepo kudikira dzina lawo lituluke.

Pulogalamu iliyonse ili ndi malamulo a m'kati amene akatswiri amati source code, ndipo ili ndi nkhokwe yake yosungiramo mayina ndi manambala, imene amati database. Zaka zikamapita, uyu amawonjezera apa, uyo amakonza apo, osalemba chimene wachita. Mapeto ake pa ofesi pamatsala munthu mmodzi yekha wodziwa pokhudza. Akapita ku maliro, ntchito iima. Akasamutsidwa kupita ku Capital Hill, ntchito ipunduka. Akapuma pa ntchito kapena Mulungu akamuitana, nzeru ya boma yaikidwa naye m'manda.

Alipo ena, ndipo tikuwadziwa mtima wawo, amene amakonda zinthu zikhale chomwecho. Amaumira chimene akudziwa monga munthu woumira mbewu, poganiza kuti akachilemba ulemu wawo utha, maulendo a alawansi athanso. Khalidwe limeneli ndi dyera, ndipo dyera ndi mdani wa chitukuko. Nzeru imene munthu waipeza pa mpando wa boma, polandira malipiro ochokera ku msonkho wa mlimi wa fodya wa ku Mponela, ndi chuma cha mtundu wonse. Woibisa sasiyana ndi wobisa makiyi a nkhokwe ya mudzi.

Dziko lino lalipira kale mtengo wa mdima wotere. Mu 2013, pa nkhani ya Cashgate, anthu odziwa makina a IFMIS anatulutsa macheke kenako n'kufufuta mapazi awo. Ofufuza a Baker Tilly anapeza kuti ndalama zokwana pafupifupi K13 biliyoni zinasokonekera m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo kufikira Sepitembala. Makina odziwika ndi anthu ochepa ndi phanga la mbala. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale kuti anthu ena analanda makinawo nafuna dipo. Mu Januwale 2025 dziko la America linaimitsa thandizo lake lakunja mwadzidzidzi, ndipo tinaona kuti katswiri wolipidwa ndi mlendo akhoza kuchoka sabata imodzi. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Alimi a ku Dowa safuna womasulira mwambi umenewu.

Chotinyansa kwambiri n'chakuti zida zothandiza zilipo, ndipo zambiri n'zaulere. Chida chotchedwa Doxygen, chimene chinatuluka mu 1997, chimawerenga malamulo a m'kati mwa pulogalamu n'kulemba chokha mndandanda wa zigawo zake ndi m'mene zimaitanirana. SchemaSpy imalowa m'nkhokwe ya mayina n'kujambula mapu oonetsa kuti kaundula uyu wamangirirana ndi uyo pa mfundo iti. Ngakhale Microsoft Access, imene maofesi ang'onoang'ono ambiri amasungiramo zinthu, ili ndi chida chake m'kati chotchedwa Database Documenter. Masiku ano kwabweranso makina a nzeru zopangidwa, a AI, amene amatha kuwerenga malamulo akale n'kuwafotokoza m'mawu wamba. Ntchito imene kale inkatenga miyezi tsopano mbali yake yaikulu itheka m'masiku owerengeka. Tsono wonena kuti nthawi palibe, ndalama palibe, anene zoona kuti mtima ndiwo palibe.

Koma tichenjezenso gulu lachiwiri, la aulesi ovala mataye, amene akamva za zida zimenezi amati basi, tidina batani ndipo buku lituluka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chida chimalemba zimene chaona, sichidziwa chifukwa chake. Taganizani kaundula wa mabanja ovutika amene ali ndi danga lolembamo 1, 2 kapena 9. Chida chidzakuuzani mokhulupirika kuti manambala atatuwo alimo. Sichidzakuuzani kuti kalaliki wakale ankalemba 9 pa banja limene lapita ku utenanti ku Kasungu ndipo lidzabwerera fodya akagulitsidwa. Mnyamata watsopano adzaona 9, adzaganiza kuti ndi akufa, adzafufuta, ndipo banja lamoyo lidzagona ndi njala pamene makina akunena kuti zonse zili bwino. Makina a AI ndiye amafunika diso lakuthwa koposa, pakuti akasowa yankho amatha kupeka bodza mwaulemu ndi molimba mtima. Ndiponso sitingatumize mayina a odwala kunja kwa dziko mwachisawawa kuti makinawo awerenge, popeza lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu liyenera kutsatidwa. Chopatsa makina ndi malamulo a pulogalamu, mayina a anthu atsale.

Vuto limeneli lagwetsa ndi mayiko olemera omwe. Mu Epulo 2020, bwanamkubwa wa chigawo cha New Jersey ku America, a Phil Murphy, anapempha poyera anthu odziwa COBOL, chilankhulo cha makompyuta cha 1959, chifukwa makina olipirira anthu ochotsedwa ntchito analephera kusenza katundu. Ngati iwo anafika popempha pa wailesi, nanga ife tidzapempha kwa yani?

Choncho zofunika kuchita n'zoonekeratu. Choyamba, DC aliyense, kuyambira wa ku Dowa ndi wa ku Ntchisi, akhale ndi mndandanda wa mapulogalamu onse a pa khonsolo, pa chipatala ndi pa ofesi ya zaulimi, woonetsa amene anaulemba, kumene malamulo ake asungidwa ndi amene akuudziwa. Chachiwiri, boma lisasayine pangano ndi kampani kapena bungwe lililonse popanda mawu akuti source code ndi buku lofotokoza zidzasiyidwa m'manja mwa boma, pakuti popanda zimenezo ngakhale chida chabwino chotani chilibe choti chiwerenge. Chachitatu, zida zija zigwiritsidwe ntchito chaka chino, ndipo mapu akatuluka, wachinyamata wochokera ku MUBAS, ku MUST kapena ku Mzuzu University akhale pansi ndi kalaliki wakale, danga ndi danga, kufunsa kuti ichi chitanthauzanji, yankho lilembedwe. Safunsa anadya phula. Chachinayi, pasapezeke wosamutsidwa kapena wopuma pa ntchito asanapereke bukulo, monga m'mene amaperekera makiyi ndi njinga yamoto ya boma.

Inu atsogoleri a m'madera, musachite manyazi poti nkhaniyi ndi ya akatswiri. Pa msonkhano wa khonsolo imirirani mufunse funso limodzi ili: kodi bambo amene amayendetsa kompyuta ija akadwala mawa, buku lili kuti ndipo ndani angalitsate? Mukayankhidwa mozungulira, funsaninso mwezi wamawa, ndiponso mwezi winawo, kufikira bukulo litaikidwa pa tebulo. Ndipo inu akuluakulu amene mwatumikira zaka zambiri m'maofesi a m'mapiri muno, ulemu wanu weniweni udzaoneka tsiku limene mudzachoke ntchito n'kupitirira kuyenda bwino. Yambani kulemba Lolemba likudzali.