Wofuna kuika mtundu wa anthu m'gemu ayambe waodira kwa eni ake

Mu Disembala 2012, gulu la okonda gemu ya pakompyuta ya Age of Empires II linatulutsa mod, kapena kuti chowonjezera cha gemuyo chopangidwa ndi osewera, yotchedwa Forgotten Empires. Linawonjezeramo mitundu isanu ya anthu imene munalibe m'gemuyo chiyambire 1999, kuphatikizapo a Inca ndi a Magyar. Inali ntchito yaulere, koma inakoma kotero kuti chaka chotsatira kampani ya Microsoft inaitenga n'kuyamba kuigulitsa, ndipo mu 2015 gulu lomwelo linaikamo maufumu a Mali ndi Ethiopia. Zimene mnyamata akulemba lero kuchipinda kwake, mawa zingakhale zonse zimene anthu miyandamiyanda akudziwa za mtundu wina. N'chifukwa chake ndikuti wokonza mod yotere azifunsa kaye eni mbiriyo.

Taonani mmene mtundu umalowera m'gemu ina ya Civilization V. Pamafunika mtsogoleri mmodzi, luso limodzi lapadera, ndi zinthu ziwiri za mtunduwo wokha, monga msilikali kapena nyumba. Wokonza amazilemba m'mafayilo a XML ndi Lua, n'kuziika pa Steam Workshop kuti aliyense atenge. Mbiri ya zaka mazanamazana imathithikizidwa m'zinthu zinayi basi, ndiye kusankha kwake n'kolemera. Shaka, mfumu ya Azulu, anayamba kuoneka m'magemu a Civilization mu 1991, ndipo mu Civilization V Azulu anapatsidwa asilikali a Impi, msasa wa nkhondo wa Ikanda, ndi mwayi wosunga asilikali motchipa. Zonse n'za mkondo. Wosewera amadzuka pampando akuganiza kuti Azulu sankaweta ng'ombe, sankaimba, sankaweruza milandu. Ngati kampani yokhala ndi akatswiri ingapanikize anthu chonchi, nanji munthu mmodzi amene wawerenga tsamba limodzi pa intaneti?

Kampani ya Firaxis, imene imapanga Civilization, inalawa zonse ziwiri, kufunsa ndi kusafunsa. Pokonza Brave New World ya 2013, chowonjezera cha Civilization V, inafuna kuikamo a Pueblo ndi mtsogoleri wawo Popé, amene anatsogolera kuukira Asipanya mu 1680. Akuluakulu a mtunduwo anakana, kampaniyo inamvera n'kuikamo a Shoshone. Koma mu 2018 itaika mfumu Poundmaker ya a Cree m'gemu yotsatira ya Civilization, mmodzi wa atsogoleri awo ku Saskatchewan, Milton Tootoosis, anadandaula poyera kuti sanafunsidwe, ndiponso kuti gemuyo ikuwaonetsa ngati anthu olanda malo a anzawo, pomwe iwo ndiwo analandidwa.

Ena ati iyi ndi gemu chabe. Koma achinyamata ambiri amamva koyamba dzina la Mansa Musa, mfumu ya Mali, m'gemu, asanalione m'buku la kusukulu, ndipo chimene munthu wayamba kumva chimakhazikika. Ena ati wokonza mod alibe ndalama zoyendera mafumu. Zoona, koma kalata yopita kwa mphunzitsi wa mbiri ku yunivesite, kapena kufunsa olankhula chinenerocho pa Facebook, sikulira tikiti ya ndege. Chotsutsa champhamvu n'chakuti kufunsa kumaitana kukanidwa, ndiye mitundu ing'onoing'ono idzasowekeratu m'magemu. Mantha amenewa ndi omveka, komabe a Shawnee atafunsidwa za Civilization VII ya 2025 anavomera, nathandiza kuti mtsogoleri wawo Tecumseh alankhule m'chinenero chawo.

Tsiku lina wina adzafuna kuika ufumu wa Maravi ndi Kalonga wake. Akadzapanda kufunsa, adzathamangira kusandutsa Gule Wamkulu kukhala msilikali wapadera, poona kuti zilombo zimaopsa pa chithunzi, osadziwa kuti zakudambwe zili ndi eni ake komanso nthawi yake yotulukira. Akadzafunsa, adzamuuza za ng'anjo zosungunulira chitsulo, za malonda a minyanga ya njovu ndi nsalu za thonje m'chigwa cha Zambezi, ndi za Makewana wa ku Msinja, amene mafumu omwe ankamudalira mvula ikavuta.