Manambala okha sapanga RPG

Mu 2018, mphoto ya RPG (role-playing game) yopambana pa The Game Awards inapita kwa Monster Hunter: World. Gemuyo ndi yokoma, sinditsutsa. Koma mlenje wa mmenemo amagwetsa chilombo chifukwa zala za wosewera zaphunzira kuzinda, komanso wasula chida chakuthwa. Ngati imeneyo ndi RPG, ndiye kuti dzinali lasanduka dengu lotayiramo chilichonse.

Mtundu wa masewerawu unabadwira patebulo. Gary Gygax ndi Dave Arneson atatulutsa Dungeons & Dragons mu 1974, munthu ankalemba papepala mphamvu, nzeru ndi changu cha mpangankhani wake, kenako n'kuponya madayisi. Wosewera atha kukhala chiphona, koma ngati papepala palembedwa kuti mpangankhaniyo ndi wofooka, chitseko sichithyoka. Ultima ndi Wizardry za mu 1981 zinangosamutsira mfundoyi pakompyuta.

Muyeso wanga ndi womwewo: chimene chimagamula zinthu ndi luso la ndani, la iwe wogwira kontirola kapena la munthu amene wamuumba? Mu Morrowind ya 2002, lupanga limaoneka kuti lamukhudza mdani, koma osamuvulaza, chifukwa mpangankhani sanazolowere chidacho. Ambiri zinkawapsetsa mtima. Ine ndimati pamenepo ndiye pagona nkhani. Fallout ya 1997 inapitirira apo: ukasankha munthu wa nzeru zochepa, mayankho ake amatuluka achibwibwi, ndipo anthu a m'gemumo amamutenga ngati chitsiru, ngakhale iweyo uli ndi madigiri. Disco Elysium ya 2019 ilibe n'komwe dongosolo lomenyera nkhondo, koma maluso 24 a mpangankhani wake, wapolisi chidakwa, ndiwo amamutsegulira kapena kumutsekera njira.

Ena amati chofunika n'chakuti wosewera azisankha kumene nkhani ilowere. Akatero athamangitse Dragon Quest ya 1986 ndi Final Fantasy ya 1987, poti nkhani zake zimayenda mseu umodzi. Alimba mtima ndani? Enanso amati bola pali mapointi ndi malevulo. Chabwino, Call of Duty 4 inaika zimenezi m'masewera ake a pa intaneti mu 2007, koma wosadziwa kulunjika mfuti amafabe ngati wina aliyense. Makampani anangoona kuti nambala ikamakwera, wosewera sachoka pampando.

Yondivuta ndi Elden Ring, imene inatenga mphoto ya RPG yomwe ija mu 2022. Alipo akatswiri amene amaimaliza osakwera levulo ngakhale imodzi, zala zokhazokha. Komabe lupanga lalikulu limakukana ngati mphamvu sizinakwane, ndipo matsenga sagwira popanda nzeru zokwanira. Imeneyo ndiilola, monyinyirika. The Legend of Zelda ya 1986, imene anthu akhala akuikanganira zaka zonsezi, ayi: mpangankhani wake Link amalimba ndi zimene watola m'mapanga, ndipo palibe chimene wosewera amaumba mwa iye.