Kaundula wa pa kompyuta akafa, ntchito zonse zimaima

LILONGWE - Pa 27 Juni 2017, pulogalamu yowononga makompyuta yotchedwa NotPetya inafalikira kuchokera ku Ukraine n'kulowa m'makina a Maersk, kampani ya ku Denmark imene sitima zake zimanyamula katundu panyanja. Makompyuta pafupifupi 45,000 ndi maseva 4,000 anafunika kukonzedwa mwatsopano, ndipo kampaniyi inataya ndalama zapakati pa madola 250 miliyoni ndi 300 miliyoni a ku America.

Chimene chinawasowetsa tulo akatswiri a kampaniyi chinali kaundula wa ogwira ntchito, wa mtundu wa Active Directory. Kaundulayu ndiye amasunga dzina la munthu aliyense, mawu ake achinsinsi ndi zinthu zimene akuloledwa kutsegula. Iye akafa, palibe amene angalowe m'makina, ngakhale amisiri ofuna kukonza vutolo.

Maersk inali ndi makina pafupifupi 150 osunga kaundulayu m'maiko osiyanasiyana, ndipo onse ankakoperana zosintha nthawi zonse. Cholinga chinali chakuti makina amodzi akazima, ena apitirize ntchito anthu osazindikira n'komwe. Njira imeneyi imathandizadi moto ukabuka kapena madzi akasefukira pamalo amodzi. Koma poti makina onsewo anali olumikizana, NotPetya inawafikira pafupifupi nthawi imodzi. Kope limodzi lokha ndilo linapulumuka, pa ofesi ina ya kumadzulo kwa Africa, chifukwa magetsi anali atazima kumeneko pamene chiwembucho chinkachitika. Kuzima kwa magetsi, kumene amalonda m'chigawo chino amakudandaula tsiku ndi tsiku, ndiko kunapulumutsa kampani yaikulu chotero.

Pali ntchito ziwiri zimene mabungwe ambiri amaziphatikiza ngati imodzi. Yoyamba ndi kuonetsetsa kuti makina sakuima; yachiwiri ndi kutha kuyambiranso zonse zikawonongeka. Mlimi wa kumudzi amazisiyanitsa bwino: chimanga chodya amachithira m'nkhokwe, koma cha mbewu amachipachika padera kutsindwi, pa utsi, kuti anankafumbwe akalowa m'nkhokwemo adzapeze chobzala mvula ikagwa. Kaundula naye amafuna kope losungidwa patali, losalumikizidwa ku makina ena, limene mbava sizingalifikire kapena kulisintha.

Maboma a kum'mwera kwa Africa ali ndi chifukwa chomvetsera nkhaniyi, pakuti nawonso aika mayina a nzika zawo m'makompyuta. M'chaka cha 2017, Malawi inalembetsa anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo kuti alandire zitupa za unzika. Chitupa chimenechi chimafunika ku banki, polembetsa nambala ya foni ndiponso polembetsa mavoti. Kaundula wotere akaima, mavuto amafika pakhomo pa munthu wamba tsiku lomwelo.

Dzikoli linalawako zowawa zake kumayambiriro kwa 2024, pamene nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko inasiya kusindikiza mapasipoti kwa milungu ingapo. Mu Febuluwale chaka chimenecho, Lazarus Chakwera, yemwe anali mtsogoleri wa dziko panthawiyo, anauza nyumba ya malamulo kuti mbava za pa intaneti zinalowa m'makinawo ndipo zinkafuna dipo, limene boma linakana kupereka. Ena anatsutsa zimenezi ponena kuti gwero la vutoli linali kusamvana ndi kampani imene inkayendetsa makinawo. Kaya zoona zinali ziti, funso kwa boma ndi lomwelo: kodi linali ndi kope lakelake la kaundula, pamodzi ndi makiyi ndi luso lomudzutsira popanda kudalira wina? Ophunzira, odwala ndi amalonda amene maulendo awo anaimitsidwa anadikira mpaka mu Malichi kuti ntchitoyi iyambirenso.

Akatswiri okonza makina otere amayamba ndi mafunso awiri: ntchito ingaime maola angati zinthu zisanafike poipa, ndipo ndi zolembedwa za maola angati zimene bungwe lingapirire kutaya. Mayankho ake ndiwo amasonyeza ndalama zofunika. Chovuta n'chakuti ndalama zogulira makina atsopano, makamaka za mabungwe othandiza, zimapezeka msanga kusiyana ndi zoyeserera chaka ndi chaka ngati kope losungidwalo lingadzukedi. Kope limene silinayesedwepo nthawi zambiri limadziwika kuti ndi loperewera pa tsiku la ngozi lenilenilo.

Malo osungirako nawo ndi nkhani. Namondwe Idai atasakaza mzinda wa Beira mu Malichi 2019, magetsi ndi mafoni zinazima kwa masiku angapo, kusonyeza kuti nyumba ziwiri za makina mu mzinda umodzi zikhoza kugwa pamodzi. Dziko la Estonia linapita patali: mu 2017 linasainirana pangano ndi Luxembourg loti makope a makaundula ake ofunika kwambiri azisungidwa kumeneko, m'malo otetezedwa ngati ofesi ya kazembe, koma ali m'manja mwa boma la Estonia.