Impso ya ku India, madzi a ku Chintheche

Amalonda anzanga, mukasonkherana kuti mnzanu wa pa benchi akamuike impso ina ku India, musamati nkhani yatha akangotsika ndege. Inde, wapuma ku makina otsuka magazi aja a ku Kamuzu Central kapena ku Queens. Koma thupi limaiona impso yachilendoyo ngati mbava, ndiye madokotala amamupatsa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, oti azimwa tsiku ndi tsiku. Alonda akagona chonchi matenda amalowa osaodira, makamaka miyezi 6 yoyambirira.

Tsono tinene kuti mnzathuyo kwawo ndi ku Chintheche. Nyanja ili pakhomo, likodzo lili m'madzimo, udzudzu supita pa tchuthi, ndipo kolera ya 2022 anthu a ku Nkhata Bay sanaiiwale. Ifenso ndi chikondi chathu chija timakadzaza m'nyumba ati kuzonda, wina akutsokomola mwezi wathunthu osayezetsa TB. Abale!

Muwiritsireni madzi akumwa, azigona m'masikito, wachifuwa apereke moni ali panja. Thupi likangotentha, osathamangira Panado wa pa okala. Kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo akawauze adokotala kuti impsoyo ndi yochita kuikirira.