Kamera Nayo Ndi Uta

Ambiri mwaona zithunzi zimene ndatumiza cicokere ku sukulu kwathuko kudza kuno ku Iceland, kumene makolo anga anasamukira. Ena mwandilembera kuti kujambula ndi masewera abwino cifukwa sikupha kanthu. Pepani, mau amenewa ine ndiwakana. Munthu wonyamula kamera ndi mlenje ndithu, ndipo akapanda mwambo aononga koposa wa uta, pakuti wa uta apita yekha kuthengo koma wa kamera aitana khamu.

Dziko lino ndi cisumbu ca kumpoto kweni-kweni, ndipo eni ace ali pafupi 400,000. Koma m'caka ca 2018 munafika alendo oposa 2,000,000, ambiri a iwo atakopeka ndi zithunzi. Kuli cigwa cina cakuya, dzina lace Fjaðrárgljúfur, cimene kale cinali cosadziwika. Mu 2015 woyimba uja Justin Bieber anajambulirako kanema wa nyimbo yace, ndipo anthu anakhamukirako kotero kuti mu 2019 boma linatseka cigwaco kwa kanthawi. Cinapsa ndi moto kodi? Iai, mapazi cabe. Ndere zimene zimera pa miyala ya kuno zikula pang'ono-pang'ono, ndipo pamene paponda nsapato paoneka zaka zambiri.

Za mbalame ndizo zindipweteka mtima koposa. Kuno kuli mbalame ina ya mlomo wamawanga-mawanga, dzina lace lundi. Siimanga cisa mumtengo, koma ikumba una ngati mbewa m'mphepete mwa phompho la kunyanja, niikira dzira limodzi lokha pa caka. Limodzi lokha, anzanga! Ku Látrabjarg, kumene mbalamezi sizitopa ndi anthu, munthu wofuna cithunzi capafupi athamangira m'mphepete, nthaka yofukulidwa kunsi nigumuka, dzira niliphwanyika. Nthawi zina iye mwini ali pafupi kugwera m'nyanja. Tsono mbalamezi ziri kale pa mabvuto. Ku zisumbu za Vestmannaeyjar zinalephera kulera ana zaka zambiri cifukwa tinsomba tonga usipa timene zidya tinacepa m'nyanja. Ana a sukulu a kumeneko acezera usiku mu August ndi September kutola anapiye osokera ndi magetsi a m'tauni, nawasunga m'makatoni, nakawaulutsa kunyanja m'mawa. Kodi ncoyenera kuti mlendo aphwanye ndi phazi cimene mwana wa mwini dziko atayira tulo?

Inanso ndi kría, ya mcira wonga wa namzeze, imene icokera kutali ku Antarctica kudzaikira mazira pansi penipeni. Ukayandikira ikujompha pamutu. Ojambula akonda cithunzi ca kría yolusa, mapiko ali tambasu, mlomo uli yasa. Ncokongoladi. Koma pamene make ali m'mwamba kulimbana ndi munthu, dzira lizizira ndipo mbalame zolusa zilipeza poyera. Ine ndikaona cithunzi cotere ndidziwa kuti wojambulayo anaima posayenera.

Wina adzati, "Nanga ife opanda kamera ya galasi lalitali titani?" Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Mu June kuno dzuwa lingobisala pang'ono nkutulukanso, motero nthawi iripo yambiri. Ine ndigona cafufumimba pa udzu, patali ndi mauna, osagwedezeka kufikira miyendo icita dzanzi ndi kuzizira. Pamenepo lundi iiwala za ine niyenda-yenda pamaso panga, tinsomba tiri ndandanda pamlomo. Akuti nkhandwe za ku Hornstrandir, kumene sizisakidwa, nazonso zibwera zokha kwa munthu wokhala cete. Kuzinyengerera ndi buledi ndiko kuipa, cifukwa zizolowera kupempha.

Tisaiwale geirfugl, mbalame yaikuru yosauluka imene inali m'nyanja zino. Ziwiri zotsiriza zinaphedwa pa cisumbu ca Eldey mu June 1844, si cifukwa ca njala ai, koma kuti munthu wina wosonkhanitsa zacilendo anafuna zikopa zace. Nzeru ya kujambula inali itayamba kale mu 1839, komabe palibe cithunzi ca geirfugl yamoyo. Mtima wakuti "ndikhale naco ine" umene unapha mbalame zija ndiuonanso mwa anzanga ena a makamera.

Ncifukwa cace pansi pa zithunzi zanga za zisa simupeza dzina la malo ace eni-eni. A Mkonzi anandifunsa kawiri kuti ndilembe, ndipo ndawapempha kuti andikhululukire.