Khonje wa kumpanda angatiphunzitse ma polymer

Aphunzitsi anzanga, komanso inu amene munadutsa m'manja mwathu, ndili ndi dandaulo pa momwe timaphunzitsira mutu wa ma polymer mu Chemistry. Mwana amaloweza kuti polythene amachokera ku ethene, amalemba mayeso a MANEB, amakhoza, basi. Mukamufunsa chifukwa chake boti la fibreglass limapirira mafunde ku Senga Bay, amangokuyang'anani. Ine ndikuti vuto si ana. Timasiya mbali yokoma ya nkhaniyi.

Pulasitiki ndi mamolekyu ataliatali onga unyolo, opiringizana. Payekha sapirira katundu wolemera. Ndiye amisiri amaikamo ulusi wa galasi, wa kaboni kapena wa zomera. Ulusi ndi umene umasenza katundu, pulasitiki amangoumanga pamodzi ndi kuupatsira mphamvuyo. Kupatsiranaku kumachitika pamalo amodzi okha: pamene unyolo wakhudza khungu la ulusi. Pamenepo unyolo suyenda momasuka ngati umene uli pakati pa pulasitiki. Wina umamatirira, wina umandanda motsata ulusi. Ukagwira bwino, chinthu chimalimba. Ukalephera, ulusi umasololoka, madzi amalowa mu mpatawo, mng'alu n'kuyamba.

N'chifukwa chake ulusi wa galasi amaupaka mankhwala otchedwa silane, amene mbali ina imagwira galasi, ina pulasitiki. Ndi nkhoswe yeniyeni. Ndege ya Boeing 787, imene inayamba kunyamula anthu mu 2011, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi zinthu zosakaniza zotere.

Tsono taonani khonje amene tinabzala m'mipanda kuyambira ku Mponela mpaka ku Mvera. Ulusi wake ndi cellulose, amene amakonda madzi. Polythene ndi polypropylene amadana ndi madzi. Awiriwa sagwirana. Akatswiri amaviika ulusiwo mu sodium hydroxide, soda yemweyo wopangira sopo, kuti achotse phula ndi zina zokuta kunja, khungu likhale lokhakhala. Pamenepo unyolo umapeza pogwira. Makampani a magalimoto ku Germany akhala akugwiritsa ntchito ulusi wa zomera m'kati mwa zitseko kuyambira m'ma 1990.

Wina anena kuti izi si za m'silabasi, nthawi ndi yochepa, labu tilibe. Zoona, ma CDSS ambiri alibe zipangizo. Koma phunziro ili silifuna labu. Tengani ulusi wa khonje, nsonga ina muimize mu kandulo wosungunula, ina mu guluu wa matabwa. Zikauma, ana akoke. Mu kandulo ulusi umasololoka mosavuta, mu guluu umakakamira, nthawi zina mpaka kuduka. Kandulo ndi wachibale wa polythene, pomwe guluuyo amagwirizana ndi cellulose. Mphindi 20 zikwana, kupatula nthawi youmitsa. Soda uja musawapatse ana, amawotcha khungu.

Makolo athu ankadziwa kale kuti dothi losakaniza ndi udzu siling'ambika msanga. Mwana amene waona nzeru imeneyi ikukumana ndi ya m'buku saiwala, ndipo funso la mayeso silimuopsa. Mwinanso mwa ana omwewa mudzatuluka wopanga matailosi kapena mipando kuchokera ku khonje ndi mapulasitiki amene angoti mbwee m'misika yathu.

Teremu ikubwerayi tayesani, mudzandiuze zimene ana anu adzapeze.